Chitseko chinali chokhoma, achimwene

Achimwene, dzulo mdzukulu wanga amandiwerengera za sayansi pafoni, ine n'kumva mawu anu. M'ma 1950 muja munali m'kachipinda ka odwala chifuwa chachikulu kuchipatala cha mishoni, ine nditaima pawindo ndi chinangwa chophika. Munandionetsa buku limene ansembe anakubwerekani. "Muno akuti tinthu tochepetsetsa ukatipanikiza malo sitikhazikika, timanjenjemera koposa," munatero mukutsokomola. "Nthawi zina kena kamangopezeka kunja, khoma lili bwinobwino."

M'mawa mwake amayi anakuonani mutaima m'munda mwathu mwa nandolo ku Mpama. Anakuitanani katatu, simunacheuke. Masana asisitere anatumiza uthenga woti munatisiya m'mawa womwewo, ndipo anakupezani pabedi, chitseko chili chokhoma. Amayi sanapondemonso m'munda muja mpaka imfa yawo.