Mtengo Wanga wa Mango pa Pulani ya Labu

Kuchokera pa Golomoti mpaka pa Mtakataka panalibe munthu wondiposa ine pa kunenerera, ndipo ndinkanena poyera kuti sadzabadwa. Asodzi akandiona ndikubwera ankavundikira nsomba zabwino. Makondakitala ankanditcha alamu, osati mwa chikondi, koma kuti nkhani ithe msanga. Nzeru yanga inali imodzi: pamsika mawu sawameza athunthu. Ukati nsomba yaola, wogulitsa amadziwa kuti yangofewa pang'ono. Iye akati ana ake agona ndi njala, nawe umadziwa kuti anadya koma sanakhute. Aliyense amachotsera mawu a mnzake, kenako mumakumana pakati.

Benchi langa linali pansi pa mtengo wa mango, kunja kwa mpanda wa chipatala chathu chaching'ono, pafupi ndi geti. Ndinkagulitsa sopo, mayunitsi, zakumwa, masikono ndi zitenje zija anthu amakumbukira mwana atabadwa kale. Wolowa ndi wotuluka yemwe ankadutsa pamaso panga. Ana anga anaphunzira sukulu ndi mthunzi umenewo.

Chipatalacho chinalibe labu yeniyeni. Malungo ankayeza, koma makhololo a odwala chifuwa ankawatumiza kutali pa njinga yamoto, zotsatira n'kumabwera pamene zafunira. Akazi anga anali ndi chifuwa chosamva mankhwala a m'golosale, choncho atalengeza kuti kumangidwa labu, woyamba kuomba m'manja ndinali ine.

Wojambula pulani anali mtsikana wa konkuno, mwana wa aphunzitsi a ku Mua, amene kale ankadutsa pa benchi langa atavala yunifolomu. Ine ndinkayembekeza munthu wa tepi ndi zikhomo, woti umugulire chozizira n'kumunong'oneza kuti chikhomo ichi chisunthe pang'ono. Iye anabwera ndi laputopu m'khwapa, n'kuulutsa kandege kojambula malo kuchokera kumwamba.

Pa msonkhano wa anthu ozungulira chipatala anatifotokozera kuti masiku ano pulani ya labu sajambula munthu yekha. Amauza kompyuta ya nzeru zochita kupanga, zija amati AI, kumene mwera umachokera, kumene dzuwa limaomba masana, kumene madzi a mvula amalowera, ndi njira imene magazi ndi makhololo azidzayenda osakumana ndi anthu. Ndiye iyo imayesa mapulani ambirimbiri n'kusankhapo. Tinaiona nyumbayo pa laputopu isanamangidwe. Anatilowetsa m'kati ndi chala chake, tikuona mpweya ukutuluka pa mazenera ngati timivi. Anthu ankasirira matailosi. Ine ndinkayang'ana pakona ya chithunzicho. Pamene panali mtengo wanga, panali khoma loyera.

Msonkhano utatha ndinamutengera chakumwa chozizira. Analandira ndi manja awiri, n'kundiuza kuti malowo sanasankhe ndi iye.

"Amalume, ine mtengo wanu ndilibe nawo mlandu. Khalani apa, nenani, ine ndizilemba, kompyutayi iziyankha."

Ndinakhala pansi mtima uli m'malo. Ndinayamba monga mwa nthawi zonse, kunyoza katundu. Ndinati nyumbayo ikuoneka ngati khola la nkhunda. Kompyuta inandithokoza chifukwa cha maganizo anga, n'kufunsa kuti ndi mbali iti imene sindinaikonde. Ndinadandaula za ana, za ukalamba, za chifuwa cha akazi anga. Inati ikumva chisoni, koma khoma silinasunthe. Kenako ndinachita chimene sichinandilepherepo: ndinanyamuka n'kuyamba kuchoka. Pamsika wogulitsa amakuitana usanafike patali. Ndinayenda mpaka pa msewu, palibe anandiitana. Ndinaima pamenepo ngati ndikudikira minibasi, kenako ndinabwerera ngati ndaiwala chipewa, chipewacho chili kumutu.

Apa m'pamene ndinatulutsa nkhani ya madzi. Zoona zake n'zakuti mvula ikagwa yamphamvu, madzi amaima pansi pa mtengowo kufika mu akakolo, dzuwa likangotuluka aphwa. Ine ndinati amafika m'chiuno, kuti tikakumane m'mawondo, khoma lisunthe pang'ono chabe. Ndinaitana anzanga a kabaza kuti achitire umboni. Anavomera monga timavomererana pamsika, mmodzi n'kuwonjezera kuti mbuzi yake inamira pomwepo. Munthu ameneyo sanawetepo mbuzi.

Mtsikanayo anasiya kulemba n'kundiyang'ana. Anati mapu amene ali nawo ndi akale, ndipo kuno kumunsi madzi asintha njira zaka zimenezi, choncho mawu a eni malo amalemera kwambiri.

"Mukunena zoona, amalume? Chifukwa iyi siidziwa kuchotsera."

Ndinaganiza kuti naye wayamba kunenerera. Ndinaloza m'chiuno mwanga kachiwiri.

Pulani yatsopano itabwera, labu inali itapita kumtunda, kuseri kwa chipatala, maziko ake atakwezedwa. Mtengo wanga unali pomwepo, wobiriwira bwino pa chithunzi. Tsiku limenelo ndinauza msika wonse kuti ndagonjetsa kompyuta, ndipo a kabaza aja anandinyamula m'mwamba. Chimene sindinachilabadire n'chakuti malo onse ozungulira mtengowo anali atapakidwa mtundu wa buluu. Ndinkayesa ndi zokongoletsa. Kunali kusonyeza madzi, madzi anga omwe aja. Ndipo kompyuta inaona kuti odwala ndi amayi oyembekezera sangamalowere pamalo pofika madzi m'chiuno, choncho geti nalo inalisamutsira ku msewu wa kumtunda.

Pulani yosinthidwa inayenera kukavomerezedwanso, ndipo maziko okwera anafuna simenti yambiri kuposa imene inalipo. Tikudikira zimenezo mvula inayamba, ntchito n'kuima. Akazi anga anatsokomola dzinja lonse. Makhololo awo anapita pa njinga yamoto, yankho n'kubwera loti anaonongeka panjira, atumizenso ena. Ndinkawamva akutsokomola kuseri kwa nyumba kuti ndisawamve. Sanandinene, koma anasiya kuseka nthabwala yanga ya kompyuta, nanenso ndinasiya kuikamba.

Ndinapita kwa mtsikana uja kukapempha basela, kageti kakang'ono chabe koyang'ana kwa ine. Anati angathe kulemba, koma kuti kageti kaloledwe, madzi aja ayenera kuchoka pa pulani, ndipo madzi akachoka, malo abwino koposa a labu abwerera pa mtengo wanga, zonse n'kuyambiranso pachiyambi. Anandifunsa ngati ndikufuna alembe. Ndinakumbukira chifuwa cha kunyumba. Ndinati asalembe. Aka kanali koyamba kuchoka pa malonda ndisanapatsidwe kalikonse, ngakhale kakang'ono.

Labu anaimaliza mvula itatha. Ndi yokongola, ndinene zoona, ndipo m'kati mumapita mphepo ngati momwe timivi tija tinkasonyezera. Akazi anga anayezedwa m'mawa, madzulo ake anauzidwa kuti ndi chifuwa chachikulu, n'kuyamba mankhwala. Thupi likubwerera pang'onopang'ono. Anamwino anati akanayamba kale sakanafooka chonchi, ndipo anatero akuyang'ana pa botolo, osati pa ine.

Pa geti latsopano malo anatha ndisanaganize zosamuka. Benchi loyamba penipeni ndi la akazi a mkulu wa mbuzi yomira uja. Akazi anga akapita kukatenga mankhwala amagula sopo konko, ati kuzungulira mpanda wonse kudzafika kwa ine kumawathetsa mpweya. Akafika kunyumba amandifunsa kuti, "Abambo, lero mtengo wagulako chiyani?"

Ndimakhalabe pansi pa mango wanga. Mthunzi ndi womwe uja, sunachepe. Amene amadutsa ndi mbuzi, ndi ana a sukulu ogenda mango. Mvula ya chaka chino itagwa ndinavula nsapato n'kuima m'madzimo kuti ndione. Anafika mu akakolo.

Chimene ndinanenerera ndinapatsidwa chonse, osachotserapo. Kompyuta sinandinamize, sinandikalipire, inangondikhulupirira. Inu amene mumadziwa malonda, tandiuzeni: pamenepa anapambana ndani?