Pikapu ya Che Bwanali

Fungo la petulo likasakanikirana ndi la usipa wouma, ine ndimabwerera kwathu kwa Mponda, ndili kamwana ka kabudula wong'ambika kumbuyo. Ndi mmene inkanunkhira pikapu ya Che Bwanali, mkulu wogula nsomba amene anayamba kuima pakhomo pathu chaka chimene mwera unaomba kwambiri. Inali yabuluu, chitseko chimodzi chomanga ndi chingwe, koma ndani akanandiuza kuti ndi chiphapha? Mkati munali wailesi ya kaseti. Kasetiyo inali imodzi yokha, ya rumba ya ku Zaire, ndipo wailesi ikaitafuna ankaisolola bwinobwino n'kuipombeza ndi bolopeni. Mawu ake sitinkamvapo ndi amodzi omwe, koma gitala lake, abale, linkalowa m'mafupa.

Achemwali anga a Hawa anali mu Sitandade 8, mayeso ali pafupi. Mtima wawo unali pa uphunzitsi. Masana ankakhala pansi pa mtengo wa mango atafunda chitenje, buku lili pamiyendo, atalipsinja ndi mwala kuti mphepo isatembenuze masamba. Ndiwo anandipindira galimoto yanga ya mawaya, ya mawilo a zitini za polishi, yofanana ndi pikapu ija mpaka kachingwe ka pachitseko.

Che Bwanali sankadzera nsomba ayi. Ankafuna achemwali, ndipo amalume, eni mbumba, anali atagwedeza kale mutu. Amayi sakanatha kutsutsa mlongo wawo poyera. Anangoika lamulo limodzi: mtsikana sakwera yekha galimoto ya mwamuna, anthu anganene. Che Bwanali akafuna kukayenda ndi achemwali ku Nkopola, ine ndizikhala pakati pawo. Ine ndikapanda kupita, ulendo palibe.

Kwa ine umenewo unali mwayi wa nzama. Loweruka lililonse ndinkakhala kutsogolo, giya ikundigunda bondo, milambe ikuthawira kumbuyo, anzanga akutithamangira m'fumbi. Che Bwanali ankandilola kuliza hutala. Ku Nkopola ankandigulira zitumbuwa, mafuta ake n'kumapukutira m'mutu. Achemwali ankangoyang'ana pawindo, milomo ikugwedera pang'ono. Ndinkati akuimba nawo.

Loweruka lina m'mawa achemwali anandikokera kuseri kwa bafa.

"Yusufu, lero unene kuti m'mimba mukupweteka," anatero. "Ndikupindira galimoto ina, yaikulu, ya ngolo kumbuyo."

Ndinavomera, ndipo ndinayesetsa ndithu. Ndinagona pamphasa n'kumabuula, amayi akundisisita pamimba mosafunsa zambiri. Kenaka hutala analira kumsewu, gitala lija n'kulowera pawindo. Sindikumbuka kuti ndinaganizapo chilichonse. Ndinangozindikira ndili pampando, ndikupuma wefuwefu, mimba itachira. Achemwali anatuluka mochedwa akumanga duku. Sanandikalipire, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanandimenya.

Tsiku limenelo Nkopola tinangomudutsa. Tinakaima cha ku Makokola, pakhomo pamene panadzaza abale a Che Bwanali, atabwera kudzaona mkazi. Ine anandipatsa mbale ya mpunga wa nyama, ndipo ndinadya mpaka kunyambita zala, azimayi akuwazungulira achemwali, kuwagwira mikono, kuwafunsa ngati amatha kuphika. Pobwerera nkhani inali itatha. Shehe anamanga ukwati mayeso asanafike. Tsiku lowaperekeza ine ndiye ndinaliza hutala kutuluka m'mudzi, mano onse ali pamtunda.

Pano tsitsi layera. Anzanga a msinkhu wanga timatumizirana pafoni zithunzi za magalimoto akale, makaseti, zitini za polishi, n'kumati kale kunali bwino. Nanenso ndimatumiza, sindinama. Ndikudziwa kuti ngakhale ndikanapanda kupita, amalume akanapeza njira ina, ndipo ndadziuza zimenezi kambirimbiri. Koma ndikudziwanso tsopano chifukwa chake amayi sanafunse zambiri m'mawa uja. Lamulo lawo silinali la ulemu chabe. Unali mpanda wokhawo umene akanatha kumanga, ndipo chitseko chake anasiyira mwana wokonda galimoto.

Pa Idi yapitayi ndinapita kukaona achemwali. Anabwerera kwa Mponda Che Bwanali atamwalira, amakazinga mandasi n'kumalera zidzukulu. Tili pakhonde, mnzanga wina ananditumizira nyimbo ija, ine osaganiza n'kuitsegula. Phazi langa linayamba lokha kugunda pansi.

"Imakukomerabe?" anafunsa achemwali.

Ndinasowa poyang'ana. "Pang'ono, achemwali."

"Isiye ilire, ndiimveko," anatero akutembenuza mandasi. "Ine m'galimoto muja sindinkaimva. Ndinkaloweza mayina a mitsinje, poti mwina abwera pamayeso."

Ndili mwana ndinkati tonse atatu tinali pa ulendo umodzi, tikumvera nyimbo imodzi. Anaimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti ndi yokoma ndithu. Ine phazi ndinali nditalipanikiza ndi dzanja.