Siginecha ya Chigayo

Fungo la fodya wopichira likasakanikirana ndi la polishi wa nsapato, ndimawaona agogo anga aamuna, a Mwale, atakhala pakhonde la nyumba yathu ku Rimuka Lamlungu masana, chitini cha mabisiketi chili pamiyendo, wailesi ya aneba ikulira kuseri kwa mpanda, ine ndikusesa pabwalo mwakachetechete kuti fumbi lisawapeze. M'chitinimo munalibe bisiketi. Munali timakatoni ta ndudu todulidwa bwino, ndipo pa kalikonse panali dzina la katswiri wa nkhonya, aja a matupi olemera kwambiri, atasaina yekha.

Paunyamata wawo, akugwira ntchito pamgodi, agogo ankanyamula ndowa ndi thaulo ku holo ya nkhonya. Nkhonya ikatha ankathamangira wopambanayo ndi katoni ndi bolopeni, asanamasule mabandeji a m'manja. Kuwerenga sankadziwa. Ankangotembenuza kakatoni n'kupapasa kumbuyo kwake ndi chala, dzina n'kulitchula.

"Munthu woti wangomenya mnzake salemba, amachita kulima," ankatero. "Tagwira apa, Esinati. Wamva mmene bolopeni inalowera?"

Kamene ankakakonda koposa kanali ka Chigayo, chiphona cha ku Chegutu chimene chinagwetsa amuna a m'migodi yonse.

Ndili giredi 4 ndinakatenga mobisa n'kupita nako kusukulu. Anzanga ankandiseka kuti ndilibe pakamwa, ndiye ndinkafuna aone kuti kwathu kulinso kanthu. Manyazi anandigwira, sindinakaonetse aliyense. Ndinakaiwala m'thumba la yunifolomu, amayi n'kuchapa. Ndinapezamo phala lokhalokha. Ndinatola katoni ya ndudu kuseri kwa kagolosale, ndinaidula ndi lezala, n'kulemba dzinalo pang'onopang'ono mmene ndinkalikumbukira, n'kubwezera m'chitini.

Patapita milungu iwiri a Banda, anzawo akale a pamgodi, anatsika kombi kuchokera ku Chegutu. Awiriwa akakumana unali mkangano umodzimodzi.

"Madala, ndowa ya Chigayo munaigwira liti inu?" anatero a Banda. "Inu munkasesa panja."

"Kusesa ndani? Esinati, thamanga katenge chitini. Lero bwampini uyu atseka pakamwa."

Abambo atatu oyandikana nafe anasendeza mipando. Chitini ndinabweretsa. A Banda anavala magalasi, anayang'ana kakatoni kaja, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, Chigayo ankalemba ngati kamtsikana ka sukulu? Komanso ndudu izi si zabwera dzana lomweli?"

Onse anaseka. Agogo analandira kakatoniko, anakatembenuza, n'kupapasa. Kumbuyo kunali see, kosalala. Anandiyang'ana kamodzi kokha, ine nditaima pakhomo ndi thireyi ya tiyi.

"Tsiku limenelo anali atatopa," anatero agogo. "Anasaina ine ndikuona."

Anatseka chitini. Kuyambira pamenepo, ku bawa ndi kumsika anthu ankawakuwa kuti "a Ndowa Yabodza", ndipo ena ankati mwina timakatoni tonse tija anachita kulembetsa ana. Nkhani za nkhonya pakhonde zinatha. Lamlungu ankangopukuta nsapato zawo, n'kupichira fodya, n'kumayang'ana kumsewu.

Ndinadikira chikwapu, sichinabwere. Ndinadikira funso, silinabwere. Ankandisungirabe chidutswa cha buledi wawo wa m'mawa, ndipo ine ndinkadya. Kangapo ndinakhala pafupi nawo kuti ndiulule, koma ndinkangofunsa ngati akufuna madzi.

Anamwalira chaka chimene ndinasiya sukulu. Panopa ndimakhala ku Waverley, ndili ndi mwana wamkazi amene wangoyamba kuyenda, ndipo chitini chija chili pansi pa bedi langa. Kakatoni kanga ndinakapeza pamwamba pa tonse, katakulungidwa m'pulasitiki ngati tinzake. Kumbuyo kwake n'kwakuda ndi chala chawo.

A Banda akadali moyo ku Chegutu, maso anachita khungu koma mutu ukugwira, ndipo ndimamva kuti nkhaniyi amaikambabe pamaliro. Chegutu si patali. Kawiri konse ndafika pa siteji ya makombi kuti ndikawauze zoona, mwana kumbuyo, kakatoni m'chikwama, kondakitala akundifunsa kuti, "Amayi, tikupita?" Kawiri konse ndayankha kuti ndikudikira munthu.