Njoka Imene Inkafera M'dzanja la Bambo

Foniyo inali yaing'ono, yamabatani ofufutika, yomangidwa ndi mphira kuti batire lisagwe. Ndikaikumbukira ndimamva fungo la fodya wofota m'chigafa, chifukwa m'menemo ndi momwe bambo ankaswera chaka chimene anafa ziwalo.

Anagwa ali m'munda, titangoyamba kuthyola fodya. Pobwera kuchokera kuchipatala ku boma, dzanja lawo lamanja linali lende ngati tsamba lofota, ndipo dzina langa ankachita kulifunafuna. Amalume anangouza mayi kuti, "Mlongo, iyi ndi hamala ya afiti. Munthu sangogwa." Ine ndinali mu Sitandade 3, ndipo mawuwo ndinawameza osatafuna.

Adokotala anali atalangiza mayi kuti bambo azisewera masewera a njoka a m'foni tsiku lililonse, ndi dzanja lodwalalo, kuti chala chachikulu chidzuke, mutu nawo uzolowerenso kusiyanitsa kumanja ndi kumanzere. Zimenezi ndikuzidziwa lero. Nthawiyo palibe anandiuza. Kwathu mwana safotokozeredwa matenda, amangotumidwa madzi.

Ine ndinkangoona kanjoka kakuda kakukwawa pagalasi, bambo thukuta lili kamukamu, mlomo utakhotera kumbali. Chala chinkachedwa, kanjoka n'kugunda khoma, foni n'kulira. "Yafa," ankatero bambo, lilime likulemera. Basi ndinagamula ndekha kuti afiti aja atsekera moyo wa bambo m'kanjokako, ndipo kakafa kamodzi, bambo nawo atsika pang'ono kumanda. Ndinkaopa zedi. Ndinkapatsira mayi masamba oti asoke, manja anga akuda ndi utomoni wa fodya, khutu lili kufoni.

Tsiku lina ndinawatsomphola bambo foniyo kuti ndikapulumutse kanjokako, poti zala zanga zinali zachangu. Mayi sanatukule n'komwe mutu. "Bweza. Isiye njokayo izifa." Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwaopanso mayi anga.

Kenaka bambo anatopa. Anaiponya foni pamulu wa masamba, n'kutembenukira kumzati. Masiku anapita foni ili chete. Ine mtima unakhala pansi, ndinkadya mpaka kunyambita zala. Koma dzanja lija linayamba kupindikira m'kati, ndipo mayi ndinawapeza kuseri kwa chigafa atatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinadabwa kuti akuliriranji pamene njoka yaleka kufa.

M'mawa wina mvula ikuwaza, mayi ankasoka okha, fodya atawunjikana mpaka wapansi kuyamba kuola. Singano inawabaya chala, anangochiyamwa n'kupitiriza. Bambo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandiitana, dzina langa lenileni, osaphonya.

"Kanditengere njoka ija."

Ndinaibweretsa. Anayamba atambasula zala zopindikazo ndi dzanja lamanzere, chimodzichimodzi, n'kuikamo foni. Kanjoka sikanayende n'komwe patali. Foni inalira.

Chaka chotsatira bambo anagwiranso singano ya fodya, ngakhale mokhotakhota, ndipo lero ndimadziwa kumene mphamvu imeneyo inachokera. Koma m'mawa umenewo, foni itangolira, mayi anaseka. Anaseka mpaka misozi, singano ili m'manja, koyamba chigwereni bambo. Ine ndinathawira m'chimanga ndikulira, osamvetsa kuti mkazi angaseke bwanji mwamuna wake atangofanso.