Ndinakana Amayi Anga pa Kamera Yanga Yomwe

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Okutobala, chaka chija cha mphekesera za anamapopa. Ndinali kwa amayi, kumudzi kwathu kufupi ndi Chiringa, ndikupukuta fumbi pa kamera. Pakhomo panali apolisi awiri, kumbuyo kwawo chigulu cha anthu, ena atanyamula zikwanje. Wapolisi wamkuluyo anandipempha mwaulemu kuti nditenge zida zanga zonse tizipita. Anati sakundimanga ayi, akungonditeteza.

Ndifotokoze kaye kumene tsoka langa linachokera. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, kusukulu kwathu kunabwera anthu ojambula filimu yolimbikitsa kupereka magazi kuchipatala. Anasankha ine chifukwa ndinali ndi misozi yapafupi; akangoti lira, ine pompo. Ndinasewera ngati kamtsikana koyenda khomo ndi khomo kupemphera magazi mayi wake wodwala. Filimuyo anaionetsa m'masukulu ndi m'misika, ndipo dera lonse linkanditchula kuti kamtsikana ka magazi. Inenso dzinalo ndinkalinyadira, kupusa! Ndi filimu yomweyo imene inanditsegulira njira ya ku wailesi ya kanema. Ndinayamba ndi kukulunga mawaya, mpaka ndinafika pokonza ndi kutsogolera mapulogalamu anga. Ulendo umenewu ndinabwera kudzajambula azimayi olima nandolo, basi.

Koma anthu anaphatikiza okha: kamtsikana ka magazi kabwerako, kali ndi mabokosi akuda, mawaya, ndi ndodo yaitali yokhala ndi chinthu chaubweya kumapeto. Chinthucho n'chotolera mawu. M'gulu lija ndinaonamo anzanga awiri amene ndinkakhala nawo benchi imodzi kusukulu. Sanakuwize nawo, komanso sanandiyang'ane.

M'chitokosi ndinapezamo azimayi atatu ndi chidebe chimodzi. Atamva mlandu wanga, onse anasamukira kukhoma linalo, ndipo mmodzi ankabisa mikono m'chitenje ndikangosuntha. Za kutentha kwa mwezi umenewo m'kachipinda kopanda windo sindinenapo zambiri.

Lachitatu anandifunsa mafunso. Wamkulu uja anaonera zonse zimene ndinajambula, azimayi akupeta nandolo, akuseka, akuimba Chilomwe. Anagwiragwira chaubweya chija, nayenso n'kuseka. Kenako anati:

"Ine ndikudziwa kuti mulibe mlandu, mayi. Koma anthu ali panjawo sangabwerere kwawo chimanjamanja."

Ndinakalipa. Ndinatchula malamulo, ndinatchula mabwana anga a mumzinda, ndinawauza kuti nkhaniyi ndidzaiulutsa dziko lonse limve. Iye anangondimvetsera ngati mmene umamvetserera mvula padenga, n'kuuza wapolisi wamkazi kuti andibwezere m'kati.

Lachisanu masana kunabwera amalume, mlongo wawo wa amayi. Anandiuza kuti anthu agwetsa kale nkhokwe, ndipo apereka malire: pofika Lamulungu, amayi akhale atachoka, apo ayi nyumba iyaka iwo ali momwemo. Amayi akana. Akuti mayi awo anachokera ku Mozambique wapansi n'kudzaikidwa pamalo pomwepo, ndiye iwo ndi maondo awo otupawo sapita kulikonse. Ndinkawadziwa amayi anga. Akatero, ngakhale ubwere ndi ng'ombe sungawasunthe. Amalume anati pali njira imodzi yokha. Anthu akuti ngati gogoyo sankadziwa kanthu, mwanayo anene yekha ndi pakamwa pake, ndipo anenenso kuti si mwana wa pakhomopo. Kwathu mwana wamkazi ndiye mwini mudzi. Munda wa amayi ndi wanga, ndi manda omwe. Amalume ankadziwa bwino chimene ankandipempha, n'chifukwa chake ankalankhula akuyang'ana chipewa chawo.

Ndinavomera Loweruka m'mawa. Wamkulu uja anatulutsa foni kuti andijambule mu ofesi mwake. Nditaona chithunzicho, mdima wokhawokha, ntchito inandidzukira m'mutu. Ndinadziwa kuti chinthu chojambulidwa chonchi palibe angachikhulupirire. Ndinawauza kuti abweretse kamera yanga. Ndinakokera mpando pawindo, ndinazimitsa wailesi yawo, ndinaphunzitsa wapolisi wamkazi podina. Onse ankandimvera bwinobwino, kuposa anyamata anga a kuntchito.

Ulendo woyamba ndinalankhula mouma. Wamkuluyo anapukusa mutu.

"Sizikugwira mtima. Lirani ngati muja munkalirira muli mwana."

Tinabwereza katatu. Za kupopa magazi sindinavomere, ndipo sananditchulirenso. Ndinanena kuti ndinabwera ndi zinthu zimene gogoyo sankazidziwa, kuti ndinawanamiza, ndiponso kuti kuyambira tsiku limenelo iwo si mayi anga, ndipo mudziwo si kwathu. Kanema wachitatuyo ndinamusankha ndekha chifukwa misozi inagwa pamalo pake. Pa zonse zimene ndakonza pantchito yanga, palibe chimene chinaoneredwa ndi anthu ambiri ngati chimenecho. Pofika Lamulungu chinali m'foni iliyonse kuyambira m'mphepete mwa phiri mpaka kuchigwa.

Nyumba sinayake. Ine anandisungabe masabata ena awiri, akuti mpaka mitima izizire. Kanemayo asanatuluke, amayi ankanditumizira kalongonda, nyemba za kwathu zija, kudzera kwa amalume. Atatuluka, sikunabwerenso kanthu, ndipo amalumenso anasiya kubwera. Izi zinandipweteka kuposa chitokosi. Ndinkadzifunsa ngati amalume anawafotokozera chifukwa chake, kapena anangoona nkhope yanga pa foni ya munthu wina n'kukhulupirira. Ndinali nditalira bwino kwambiri.

Ananditulutsa Lolemba, mvula yoyamba itagwa. Anandibwezera zida zonse, ndi chaubweya chomwe. Wamkuluyo anandigwira chanza n'kuti ndine mfulu, koma ndisadzere ku Chiringa.

Ndinapirira chaka chathunthu. Kenako ndinapita tsiku la msika, nditadzifunda chitenje kumutu. Ndinawapeza amayi atakhala pansi pa mtengo, akugulitsa nandolo, ataonda. Ndinanyonyomala patsogolo pawo ngati wogula. Anayamba kundizindikira manja, chifukwa nkhope sanaikweze. Azimayi a m'mbali mwawo anali atasiya kucheza. Amayi anatunga nandolo m'mbale, n'kuthira m'pepala pang'onopang'ono, ndipo analankhula motsitsa:

"Pita, mwana wanga, anthu akuona. Ndipo ukadzamva kuti ndafa, usabwere. Angadzandikanize manda."

Ndinanyamuka ndi nandolo wanga. Funso langa lija sindinafunse.

Ndikadali pantchito. Ndimajambula m'maboma onse, palibe amandiletsa, ndipo anzanga amati ndinachita mwayi kutuluka wamoyo. Mwina n'zoona. Koma ufulu umene anandipatsa Lolemba lija ndi wopita kulikonse kupatula kwathu. Foni ya amalume ikalira, ndimaiyang'ana mpaka idule yokha, chifukwa ndikudziwa uthenga umene udzabwere tsiku lina, ndipo ndikudziwa kuti ndidzawamvera amayi.