Si Makoswe Anadya Dothi la M'nyanja

Ee, momwemo, lemba mmene ndikuneneramu Esinati, ndipo usiye kuseka, ukundiseketsa nane! Uwalembere azakhali ako kuti: Agnesi mwana wanga, dothi lako lija sanadye makoswe ayi. Ndinadya ndine, mayi ako.

Paja unabwera nalo pa holide kuchokera kusukulu kwako ku Joni, kachidutswa m'botolo, kuti ukaonetse ana asukulu ku Makwasa. Unati munalikumba pansi penipeni pa nyanja yamchere. Unati kalekale dziko likazizira mpaka madzi kuuma gwa, mphepo inkathira fumbi m'nyanjamo, tizomera tam'madzi n'kuchuluka ngati tiyi wothira feteleza. Kukafunda, n'kuchepanso. Zonsezo akuti zimaoneka m'dothimo, mizeremizere.

Ine ndinkangoti "eya, eya," malovu ali chuchuchu. Zaka zonsezi ndathyola tiyi kadothi kali kutsaya, ndiye losalala chonchija ndilisiye? Utapita kosamba ndinati ndingolawa. Kulawa, kulawa, botolo mbee!

Mmawa mwake unalira, ine n'kumakuthandiza kutukwana makoswe, mpaka kukabwereka mphaka kwa aNachisale. Makoswe otsegula botolo n'kutsekanso bwinobwino! Iwe ndi masukulu ako onsewo, osadabwa?

Ana aja anaona botolo lopanda kanthu chifukwa cha ine. Pepa mwana wanga, usandikwiyire. Koma ukawauze aphunzitsi ako kuti mzere wa nthawi yozizira uja ndiye unali wonona, ine ndaufufuza ndi lilime.

Wamaliza kulemba, Esinati? Usandiwerengere, ndingasinthe maganizo. Imate kalatayo, uthamange nayo ku positi pompano.