Lupanga la bambo a Rosa silipeza miyala

Chipumireni ntchito ya uphunzitsi, amuna anga, bambo a Rosa, anasanduka munthu wa pampando. Kudzuka, kuothera dzuwa pakhonde, kudandaula za kuzizira kwa Lichinga ngati afika dzulo, kenako kugona. Ndiye paipi ya pansi pa sinki itasowa mwezi watha, sindinawaganizire n'komwe.

Ndinaipeza kuseri kwa nyumba ili m'manja mwawo, akuipala ndi tupa.

"Mukukonza sinki?" ndinafunsa.

"Ayi. Ndikupanga lupanga."

Nkhani yake ndi iyi. Mwana wathu Rosa anawaikira pafoni mafilimu a anthu a m'maiko akutali mumlengalenga, omenyana ndi malupanga owala ngati mphezi. Malupangawo alibe chitsulo chakuthwa. Munthu amangogwira chigwiriro, kudina batani, kuwala n'kutuluka. Bambo a Rosa anafuna chigwiriro choterocho, chawochawo.

Paipi ija anaikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Batani ndi babu anazula pa tochi yanga. Kolira anakachotsa pa wotchi yakale yodzutsa anthu, kuti chizichita phokoso. Anachipaka penti yasiliva, chinawala bwino, koma m'mawa mwake ndinawapeza akuchikwecha ndi makala ndi polishi wa nsapato.

"Mukuchidetsanso bwanji?"

"Chizioneka ngati chinamenyapo kale nkhondo."

Za tochi zinandiwawa, osanama. Koma munthuyo ankaimba likhweru, ndipo likhweru lawo ndinali nditaliiwala. Ndinangoika ndowa pansi pa sinki.

Vuto linabwera pochiyesa. Ankazungulira nacho pabwalo, akuloza uku ndi uku, icho chikuwala, chikulira. Mpanda wathu ndi wa nsungwi, ndipo kuno ku Chiuaula nsungwi zili ndi maso. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Pofika kumsika nkhani inali yoti aphunzitsi aja apanga makina opezera miyala ya mtengo wapatali.

Lolemba kunatulukira achimwene anga a Matiyasi kuchokera ku Chimbonila, pa njinga yamoto, atamangirira thumba la mbatatesi kumbuyo. Achimwene sanyamula mbatatesi popanda chifukwa.

"Alamu," anayamba atangomaliza moni, "mwayi sadya yekha. Ndibwerekeni makina aja."

"Si makina. N'choseweretsa."

"Cha ndani? Zidzukulu zanu zili ku Nampula."

"Changa."

Achimwene anandiyang'ana monga munthu wofunsa ngati kuchipatala tapitako kale. Kenako nkhope inasintha. Anati kumana kulipo, koma kumunamiza munthu wamkulu ngati mwana ndi chipongwe, ndipo ngati ubale wafika pamenepa, ku ukwati wa mwana wawo mwezi wamawa tisavutike n'kupitako.

Bambo a Rosa anayang'ana pansi ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Analowa m'nyumba, n'kutuluka nacho chitakulungidwa m'nsalu yanga ya kapulana.

"Musachinyowetse," anatero basi.

Madzulo amenewo anabwerera pampando wawo, likhweru n'kuzima.

Ndiye ndikufunseni, owerenga anga. N'chifukwa chiyani nkhani ya makina opezera miyala inakhulupirika msanga kuposa yoti bambo wa imvi akusewera? Akananena kuti ndi ndege ya ufiti, nayonso ikanapeza mboni.

Mwana akapinda mawaya n'kupanga galimoto, timati ameneyu adzakhala injiniya. Bambo ake akachita zomwezo, timayamba kunong'onezana. Mwamuna wamkulu timamulola bawo, mpira wa pa wailesi ndi botolo. Akhoza kutha tsiku lonse pa baraka pomwera mowa, palibe amene angamufunse phindu lake. Koma atenge tupa n'kupanga kanthu kongomusangalatsa, tifuna tidziwe kagulitsidwa zingati.

Amayife ndiye kulibe n'komwe. Ndikaluka kansalu ka patebulo, funso loyamba la anzanga ndi loti ndani waitanitsa.

Lachinayi achimwene anabweranso, manja ali matuza okhaokha. Anali atakumba pakati pa mizere ya mbatatesi, kuseri kwa khola, mpaka pafupi ndi chimbudzi cha aneba, pomwe panabuka mlandu wina.

"Alamu, chinthu chanuchi n'chabodza. Chimalira paliponse."

"Mukadina batani chimalira," anatero bambo a Rosa. "Ndi ntchito yake yonse imeneyo."

Achimwene anakhala pansi. Ndinawapatsa tiyi, za ukwati osazitchulanso wina aliyense. Bambo a Rosa anatenga chigwiriro chawo, kuchipukuta dothi, n'kuwaonetsa filimu ija pafoni kuti amvetse. Ine ndinapita kukhitchini.

Potuluka ndinapeza achimwene ali chilili pakati pa bwalo, miyendo atatang'adza, akuchizunguza m'mwamba ndi manja awiri, pakamwa akuthandizira phokoso. Atandiona anatsokomola n'kuchibweza msanga.

Pokwera njinga anatsitsa mawu.

"Alamu, ndikabweretsa paipi, mungapange china? Koma chowala mobiriwira. Ndi cha mwana."

Mwana wawo wotsiriza ndi amene akukwatira mwezi wamawa uja, ndipo ndevu zake zimaposa za bambo ake.

Bambo a Rosa sanaseke. Anangofunsa kuti mwanayo dzanja lake ndi lalikulu bwanji, ndipo achimwene anatambasula lawo.

Nanga inu, chimene mtima wanu umachifuna koma mumanamizira mwana n'chiyani?